Galasi Lisalowe M'nyumba

Lonjezolo linaperekedwa ukwati usanathe chaka. A Wamawotchi anaimirira pamaso pa alamu awo, chipewa chili m'manja, n'kulumbira kuti galasi lawo lopera silidzalowanso m'nyumba, ngakhale kufika pakhonde.

Mlandu wake unali woonekeratu. Masiku amenewo ankapera galasi loonera nyenyezi pabalaza, pafupi ndi makina osokera a akazi awo. Mchenga wakuda woperera unalowa m'makinamo n'kudya zitsulo, makina anaima pakati pa diresi ya mkwatibwi, n'kusiya mzere wamafuta kuchoka pachifuwa mpaka kumpendero. Mkwatibwi analira, amake anatukwana, ndipo Mayi Telala anamanga katundu ulendo kwa achimwene awo. Chimene chinawabweza ndi lumbiro limenelo.

Zaka zinadutsa. Ana anakula n'kuchoka, achimwene aja anamwalira, mawotchi anatha ntchito poti aliyense anayamba kuona nthawi pafoni. Lonjezo lokha ndilo silinachite dzimbiri. A Wamawotchi ankaperera magalasi awo m'kashedi ka malata kuseri kwa shopu, ndipo pobwera kunyumba ankasamba m'manja pampopi wapanja, n'kukutumula thalauzi asanaponde pakhonde.

M'kashedimo ankakhalamo atatu. Panali a Mpopi, okonza mapaipi, amene ankapereka chitoliro choikamo galasi ndi nthabwala zosapemphedwa. Panalinso a Mtchona, amene anachoka ali mnyamata n'kubwera imvi zili mbuu. Anthu ankayembekeza galimoto, koma iwo anatsika basi ndi sutikesi imodzi, m'kati mwake muli galasi lochindikala, lalikulu ngati chivundikiro cha ndowa, lokulungidwa m'majekete. Ankati anasiya nyenyezi zikufika padenga, anapeza magetsi a mashopu a mafoni. Ankati anawabera thambo iwo ali kutali, ndipo galasi limeneli ndilo likalitenge.

Ntchito yake ndi ya anthu osapsa mtima. Galasi limodzi limakhala pamwamba pa diramu, lina umalikhuza pamwamba pake, pakati pali mchenga wonyowa. Ukankha, ukoka, usuntha phazi, uzungulira diramu ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo, mpaka lapamwambalo litalowa m'kati ngati mbale. Mchenga umasinthidwa, wokhakhala kupita ku wosalala. Pomaliza umaliwalitsa paphula ndi ufa wofiira, ndipo pamenepo kambewu kamodzi ka mchenga n'kokwanira kuwononga ntchito ya miyezi.

Anali atafika pomalizapo pamene anthu a msewu anayamba kukumba kutsogolo kwa shopu. Malole ankadutsa tsiku lonse, fumbi n'kumasefeka m'mipata ya malata. Galasi likayamba kuwala, ankapeza kamzere kokandika, n'kubwereranso kumchenga.

Mayi Telala sanauzidwe zimenezi, anangoziona. Amuna awo ankabwera ali duu, ndipo kapu ya tiyi inayamba kulira pasosala akainyamula. Timawotchi ta amayi, tating'ono tija, anasiya kutilandira, ati zipangizo zake sizikupezeka. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akulowetsa ulusi pasingano sanganamizidwe za manja. Anadziwa kuti galasi ili ndi lotsiriza.

Tsiku lina m'mawa a Mpopi anafika ndi sipanala, ati amva kuti mpopi wa kukhitchini ukudontha. Mpopiwo sunadonthepo chiuikireni. Anaumasula, anaumanganso, maso ali kuchipinda chosokera, chimene chinali ndi siling'i, simenti yosalala ndi chitseko chotsekeka bwino chifukwa cha madiresi oyera.

"Alamu, chipinda ichi ntchentche ikalowa imavula nsapato," anatero.

"Nenani chimene akutumani."

A Mpopi analumbira kuti sanatumidwe, kuti mnzawoyo atamva angawaphe ndi sikuludiraiva. Kenaka anafotokoza za fumbi, za mizere, za a Mtchona amene ayamba kunena zobwerera komwe anachokera.

"Pakamwa ali napo," anatero Mayi Telala. "Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndipo mpopi wangawo mukausiya ukudontha, mubweranso."

Mayi Telala anakana, koma masana ake singano inawabaya kawiri. Anavula tepi m'khosi, n'kunyamuka ndi ambulera ya amuna awo ngati chonamizira, ngakhale kunalibe mtambo.

Kashediko anali asanalowemo chiyambire. Anapeza pakhomo patapachikidwa chiguduli chonyowa, m'kati nkhalamba zitatu zikuzungulira diramu motsatizana. A Mtchona ankaimba kanyimbo ka chinenero chachilendo, a Mpopi n'kumavomera ndi mawu opeka okha. Amuna awo ndiwo anali atagwira galasi, malaya atapindidwa, msana utawongoka, akuseka ngati mnyamata uja anabwera kudzawafunsira atavala wotchi kudzanja lililonse. Manja aja, atakanikiza pagalasi, sankanjenjemera.

A Wamawotchi atawaona anaima, n'kubisa manja kumbuyo ngati agwidwa akuba. A Mtchona ndiwo anapulumutsa zinthu. Anatsuka galasi, analiimika pashelefu, n'kuwauza kuti aime chapatali ayang'anemo.

Mayi Telala anaona mayi wina ali chadodolido, duku pansi, chibwano m'mwamba. Atasendera pafupi, mayiyo anasungunuka, kenaka panatulukira mphuno yaikulu ngati chikwama. Kuseka kunawathawa pakamwa asanakugwire.

"Ndiye zaka zonsezi mumabwera kuno kudzaona mphuno zanu?"

"Mphuno n'zoyesera chabe, alamu," anatero a Mpopi. "Likatha ili, muona mapiri a kumwezi ndi zigwa zake, mpaka mudzafuna kuwasokera makatani."

Pomwepo lole inadutsa. Malata ananjenjemera, ndipo nkhalamba zitatu zinadziponya pagalasi ngati nkhuku zofungatira, wina ndi chipewa, wina ndi jekete. Fumbi linatsika pang'onopang'ono m'kuwala kolowera pamipata, n'kutera pamisana yawo. Palibe anasekanso. A Wamawotchi anapendeketsa galasi cha kukhomo, akulifufuza, ndipo m'mphepete mwake munayamba kugogoda pashelefu.

Mayi Telala anasiya ambulera pakona n'kubwerera. Anasuntha makina awo, anawavindikira ndi nsalu ziwiri, madiresi anawapititsa kuchipinda cha ana, n'kukolopa pansi mpaka mawondo anadandaula.

Madzulo, akumwa tiyi, anawauza amuna awo kuti chipinda chakonzeka, abweretse zinthu zawo. Ankayembekeza kuthokozedwa. A Wamawotchi anaika kapu pansi ndi manja awiri n'kunena kuti sizingatheke.

Anati analumbira pamaso pa alamu awo, ndipo amene akanawamasula ndi alamu awowo, koma ali kumanda. Mayi Telala anati makina anali awo, diresi inali yawo, manyazi anali awo, achimwene anangobwereketsa mpando ndi nkhope yoopsa. Anakumbutsanso kuti malemuwo analonjeza kusiya fodya chaka chilichonse mpaka anawaika ndi kaliwo m'thumba. Amuna awo anaseka, koma mutu anapukusabe.

"Mayi, shopu yandikanika. Nyumba yaikulu ndinakulonjezani ija sindinamange. Chinthu chimodzi chimene ndasunga chosakandika ndi mawu amenewa. Mukufuna ndiwagwetse ndekha?"

Mayi Telala anatola makapu. Koma m'mawa mwake anatumiza mawu kwa a Mpopi kuti mpopi uja wayamba kudontha.

Loweruka diramu inafika ikugubuduzidwa. Mayi Telala anaimirira pakhonde ngati wapolisi, n'kugamula kuti diramu si galasi, itsukidwe ilowe. Phula si galasi, lilowe. Ufa wofiira ulowe, koma mchenga wakuda ukangoyandikira geti, wina agona kuchipatala. Nsapato zinatsala panja. Kenaka anatulutsa maepuloni amene anasoka ndi zotsala za madiresi a ukwati, oyera, onyezimira, ya a Mpopi ili ndi lesi yokongoletsera pachifuwa. A Mtchona anadziyang'ana n'kunena kuti anayenda maiko ambiri osapeza womukwatira, kuli bwino ayesere kwawo konkuno. A Mpopi anafunsa ngati maluwa aponyedwe tsopano kapena akamaliza.

A Wamawotchi anafika pambuyo. Galasi ankanyamula okha nthawi zonse, poti a Mpopi anagwetsapo lina kalekale. Anangovomera kulichotsa kushedi kuti likasungidwe kwa a Mtchona, ndipo njira yopita kumeneko inkadutsa pakhomo pawo. Analowa pageti atalikumbatira pachifuwa, litakulungidwa m'thaulo, n'kuima phazi limodzi kutsogolo kwa sitepe ya khonde. Anaona anzawo m'maepuloni, pazenera anaona diramu pakati pa chipinda chowala, ndipo pakamwa panayamba kugwedera ndi kuseka.

A Mtchona anadzipereka kuti alilowetse ndi iwo, poti iwo sanalumbire kanthu kwa munthu. A Wamawotchi anati sanalonjeze za wonyamula, analonjeza za galasi. A Mpopi anati nanga polowera pazenera, poti malemuwo sanatchule zenera. Anakanidwanso.

Anakambirana choncho, dzuwa likukwera. Kuseri kwa mpanda mnansi anayamba kusesa, kafumbi n'kumadutsa pamwamba. Galasilo linali lolemera, ndipo Mayi Telala anaona ngodya ya thaulo ikuyamba kuvina. Amuna awo anakanikiza zigongono m'nthiti kuti anzawo asaone, koma kunjenjemerako kunakwera mpaka m'mapewa.

Mayi Telala anatsika sitepe opanda nsapato. Anaika manja awo pansi pa manja a amuna awo, n'kumva kuzizira kwa galasi kudzera m'thaulo. Kuvina kuja kunaleka.

"Ndaligwira, bambo," anatero motsitsa mawu. "Ine ndikubwerera m'nyumba mwanga. Mukafuna lisiyeni, ndiligwetse ndekha."

Anaponda chambuyo. A Wamawotchi anawayang'ana kumaso, anayang'ana kumwamba ngati akupepesa munthu, koma sanasiye.

"Kwezani phazi, pali sitepe."

Anakweza. A Mpopi anatsegula chitseko n'kugwada ngati wolandira akwati, a Mtchona anayambitsanso kanyimbo kawo, ndipo mwamuna ndi mkazi wake anadutsa pakhonde pang'onopang'ono, wina chambuyo, wina chamtsogolo, akupondana zala ndi kukalipirana monong'ona.

Galasi linalowa m'nyumba.