Mafuta a Kokonati a Alamu Anga

Alamu anga a Nasoni ndi munthu woti ukawauza kuti athire supuni imodzi amathira zitatu, ati kuti zigwire ntchito msanga. Sindikunena mwachidani, ngakhale kuti patha chaka ndisanaponde pakhomo pawo.

Anabwera m'mudzi mwathu, kuseri kwa Kabudula, ngati mkamwini atakwatira akulu anga a Enelesi. Anamanga chigayo cha dizilo pafupi ndi nyumba, ndipo anali ndi kagalimoto kakale konyamulira fodya ndi mtedza, kokhako m'mudzi monse. Vuto linali utsi. Achemwali anali ndi mphumu kuyambira ali mwana, ndipo injini ya chigayo ikayamba kulavula utsi wakuda, pachifuwa pawo pankalira ngati kamwana ka mphaka. Ankakhala pakhonde atagwira nsanamira, kusaka mpweya.

Mu Okutobala, dizilo atasowa, kunabwera a Yusuf, mnzawo wa alamu amene amayendetsa thiraki yopita ku Mozambique. Anatsitsa zigubu zisanu ndi chimodzi. Ine ndinalipo, ndikudikira mgaiwa wanga.

"Awa ndi mafuta a kokonati," anatero a Yusuf. "Kumeneko anzathu amasakaniza ndi dizilo. Botolo limodzi la awa, anayi a dizilo. Koma ndi ongofinya awa, si aja okonzedwa kufakitale ayi. Kukayamba kuzizira muwasiye, mwamva?"

"Ndamva, achimwene," anayankha alamu, maso ali pa zigubu.

Chilungamo chake, mafutawo anathandiza. Utsi unayera, fungo lake n'kumamveka ngati wina akukazinga zitumbuwa. Injini inachepako mphamvu, thumba la chimanga linkatenga nthawi, koma ndani akanadandaula? Achemwali anayamba kupuma ngati munthu. Anabwerera kuchigayo kukalandira anthu, n'kumaseka mpaka kuoneka mano am'mbali. Ineyo ndi pakamwa pangapa ndinawayamikira alamu.

Kuyamikirako ndiye kunawalowa m'mutu. Anayamba kuthira theka ndi theka. A Yusuf atabweretsa zigubu zina, anathira kuposa pamenepo, m'chigayo ndi m'galimoto momwe. Amati kokonati akachuluka, mkazi wawo apuma bwino koposa. Chikondi chinalipo, zimenezo sindingakane.

Mu Meyi ndinapeza botolo la mafuta omwewo, limene achemwali anandipatsa lodzola kumutu, litaundana pawindo, loyera ngati mafuta a nyama m'poto wadzulo. Ndinapita nalo kuchigayo.

"Alamu, taonani izi. Kodi m'thanki mwanu simuchitika zomwezi?"

"Inu alamu, za injini zisiyireni eni ake," anatero akuseka. "Injini ndi moto. Chimaundana pamoto n'chiyani?"

"Nanga ikagona osalira?"

Anangotembenukira ku injini yawo. Chigayo chinali chitayamba kale kuvuta m'mawa, koma iwo ankangodikira dzuwa likwere, poti anthu ambiri amabwera kudzagayitsa akaweruka kumunda. Galimoto ndiyo inakhala milungu itatu pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi, thanki ili yodzaza.

Tsiku lina mu Juni kunacha ndi chisanu chija cholasa m'mafupa, utsi wa mapesi amene anthu anatentha dzulo lake utagona m'dambo. Dzuwa litangotuluka ndinamva alamu akundiitana, mawu ali ena. Ndinapeza achemwali atakhala pamkeka, ataweramira kutsogolo, milomo itada. Kampope kawo ka mankhwala anali atapopa kangapo, osathandiza. Pa galimoto, kuchipatala cha Kabudula ndi ulendo wosakwana theka la ola.

Tinawanyamula n'kuwakhazika kutsogolo. Alamu anapotokola kiyi. Injini inakhosomola, n'kukhala chete. Anapotokolanso, kachitatu, kachinayi, mpaka batire linayamba kufooka. Amuna anayi anakankha galimoto mpaka kuchitsime, osalira. Alamu anatsegula kutsogolo n'kumasula sefa ya mafuta. Inali itadzaza phala loyera lolimba, lofanana ndendende ndi la m'botolo langa lija. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali, chifukwa ndikanayankhula tsiku limenelo ndikanatukwana.

"Madzi otentha," anatero. "Fulumirani, madzi otentha."

Amayi athu anathamangira kumoto. Anathira pasefa, pamapaipi, pathanki, koma thanki yodzaza siisungunuka ndi ketulo ziwiri. Njinga yamoto achemwali sakanatha kukhalapo. Apo a Abrahamu, oyandikana nafe, anabwera ndi ngolo yawo osafunsa munthu, ndipo tinawasamutsira m'menemo. Alamu anatsala akulimbana ndi injini, akuti atipeza panjira.

Ng'ombe sizidziwa changu. A Abrahamu anazikwapula mpaka iwo eni misozi inalengeza. Ine ndinawakumbatira achemwali chakumbuyo, ndikumva nthiti zawo zikukoka ngati zithyoka. Titawoloka mlatho wamitengo anandifinya dzanja.

"Loyce, usakamukalipire," ananong'ona. "Ankafuna ndizipuma."

Kamphaka kaja kanalirabe pang'ono, kenako kanasiya. Tinali tikuona kale malata a pamsika. Tinafikabe nawo kuchipatala, ndipo namwino atawagwira pakhosi anangowafunditsa chitenje changa kumaso. Ndinamva mantha, kenako mkwiyo, ndipo mkwiyowo sunandichokebe mpaka lero.

Cha m'ma leveni, dzuwa litatentha, ndinamva kulira kwa galimoto imene ndinkaidziwa bwino. Mafuta anali atasungunuka, ndipo akuti inalira atangopotokola kamodzi. Alamu anatsika akuthamanga, manja ali mafuta okhaokha, n'kuima atandiona ndakhala pansi ndilibe chitenje chakumtunda.

Tinawagoneka achemwali kumbuyo, pamene pamakhala mabelo a fodya, ine ndi amayi awiri a kumpingo titakhala m'mbali. Galimoto inayenda bwinobwino njira yonse, osadodoma ngakhale pachitunda. Utsi wake woyera unkabwerera kwa ife ndi mphepo, ukununkhira zitumbuwa.