Mfuti ya Tsvetelina pa Ulendo wa ku Munich

Tsvetelina Radeva anafika pabwalo la ndege la ku Sofia m'mamawa, atanyamula kabokosi kakuda momwe munali mfuti yake ya mpweya. Anali ndi zaka 38, ndipo theka la zakazo analithera pamzere wowomberera, dzanja limodzi m'thumba, linalo likuloza chandamale cha pa mamita khumi. Aliyense m'timu ankadziwa kuti mpikisano wa ku Munich unali wake wotsiriza.

Wapolisi woona katundu anatsegula kabokosiko, anafananitsa nambala ya mfuti ndi ya pachikalata, n'kuona kuti botolo la mpweya linali lopanda kanthu monga lamulo limanenera.

"Dutsani, mayi," anatero.

Pambuyo pake panali Desislava, mtsikana wa zaka 19 amene kochi wawo, Bozhidar Kolev, ankamutama paliponse. Botolo lake linali lodzaza, kachitsulo kotulutsira mpweya anakaiwala kunyumba, ndipo chikalata chake chinali chitatha masiku.

"Iyi sikwera ndege," anatero wapolisiyo.

Kolev anachonderera, anakalipa, anatchula maina a akuluakulu, koma wapolisiyo anangokankhira bokosilo pambali. Desislava analira mpaka pakhomo la ndege.

Ndege itanyamuka, Kolev anasinthana mpando ndi munthu wina n'kudzakhala pafupi ndi Tsvetelina. Anamunyemera banitsa, mkate wa tchizi wa kwawoko, yomwe anagula pabwalo paja. Pa zaka khumi ndi zisanu anali asanamupatsepo ngakhale madzi, choncho Tsvetelina analandira mosangalala.

"Mfuti yako upereka kwa Desi," anatero Kolev akupukuta mafuta kumilomo.

"Kochi, chigwiriro chija anachisema potsata dzanja langa."

"Ndi mtengo uja. Mtengo umapalidwa."

"Nanga ine ndiwombera ndi chiyani? Tonse tikulowa nthawi imodzi."

"Iwe sukuwombera. Ndatumiza kale uthenga kuti phewa lakuvuta." Anamuyang'ana m'manja momwe munali kapu ya tiyi. "Taona momwe kapu ikugwederamo. Ngati agogo akulowetsa ulusi mu singano! Chikalata cha mfuti yakoyo chikanakhala chopanda dzina lako, bwenzi pano uli m'basi yobwerera kwanu. Mfuti siyenda popanda mwini wake, n'chifukwa chake uli muno."

Tsvetelina anayang'ana pawindo. Kothawira kunalibe, popeza nyali ya malamba inali ikuyakabe.

Masana ku hotela, Kolev anabwereka tupa. Anayala thaulo patebulo n'kuuza Tsvetelina kuti agwire mfutiyo zolimba kuti isasunthe. Anaigwiradi. Tupa inayamba ndi pamene pankakhala chala chake chachikulu, kenako inadya kamphako kamene chikhatho chake chinasalaza pa zaka zonsezi. Desislava ankayesa, n'kupukusa mutu.

"Apa pakundibayabe, kochi. Achemwali ali ndi manja aakulu ngati a mlimi."

Kolev anaseka, n'kupala kachiwiri. Utuchi wofiirira unamwazika pa zala za Tsvetelina, koma iye sanazisunthe.

M'mawa mwake Tsvetelina anakhala pa mipando ya oonerera, phewa atalimanga ndi nsalu monga kochi analamulira, kuti bodza lija lisaonekere. Anzake akale a ku Serbia ndi ku Greece ankabwera kudzamupepesa, iye n'kumathokoza.

Desislava anamaliza pa nambala 41. Potuluka anaponyera Tsvetelina kabokosi kaja pamiyendo.

"Mfuti yanuyi imakokera kumanzere, achemwali. Mwandiwonongera mpikisano."

"Tulutsa mpweya m'botolomo," Kolev anauza Tsvetelina osamuyang'ana n'komwe. "Ndege ndi ya mawa folo koloko, ndipo sindikufuna manyazi ena."

Atafika kunyumba kwake ku Pernik, Tsvetelina anatsegula kabokosiko pa tebulo la kukhitchini n'kukweza mfutiyo molunjika kukhoma. Dzanja linasowa pokhala. Anayesa katatu, kenako anaibwezera, n'kuyamba kusenda mbatata chifukwa mwamuna wake anali pafupi kuweruka kuntchito.