Kamluzu Pansi pa Kabureta

Anthu m'tauni muno amati ine Lexon ndinakhala makaniko wamkulu chifukwa cha luso. Asiyeni azinena. Ntchito imeneyo ndinaipeza chifukwa cha mkwiyo wa m'mawa umodzi.

Munali mu 1958, nthawi ya Chitaganya, Lilongwe adakali katauni ka fumbi. Ndinkagwira ntchito pagalaja ya a Mansukh, kuseri kwa sitolo yawo ya nsalu. Makaniko wamkulu anali a Nasoni, amene anandiphunzitsa kugwira sipanala. Iwo ndi akazi awo, mayi Bernadetta, ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri mumpanda wa galajayo. Nyumbayo inkayenda pamodzi ndi ntchito.

A Nasoni ankatchuka ndi makutu. Lole ikamadutsa pamsewu ankatha kunena kuti pulagi imodzi yafa, ndipo zinkakhaladi choncho. Koma makutuwo anali atayamba kutseka, ndipo odziwa tinali atatu okha: eni ake, mayi Bernadetta ndi ine. A Mansukh akanadziwa, ntchito ikanatha, nyumba n'kupita nayo. Sanali munthu wankhanza, koma ankanena poyera kuti makaniko wosamva injini ali ngati telala wosaona.

Tsono tinali ndi njira yathu. Sitinakhalepo pansi n'kupangana ayi, zinangoyamba zokha. A Nasoni akawerama pa injini, ine ndinkaima mbali inayo ndi kansanza kopukutira m'manja. Ndikakaika paphewa lamanja, ankamanga kasikulu ka kabureta, kochepetsa kapena kuchulukitsa petulo wolowa mu injini. Paphewa lamanzere, ankamasula. Ndikakalowetsa m'thumba, ndiye kuti injini yakhazikika. Pakakhala phokoso lachilendo, ndinkapukuta pamalo pomwepo ngati ndikuchotsa oilo, iwo n'kulengeza kuti, "Vuto lili apa." Zolankhula za anthu ankazigwira poyang'ana pakamwa. Tinakhala choncho zaka ziwiri, palibe amene anatulukira.

Lolemba lina kunabwera a Abdulaziz, ogula mtedza m'midzi ya ku Mitundu, ndi landirova yawo yakale. Pamsewu inkakoka bwinobwino, ngakhale m'matope. Koma ikangoima, phazi n'kuchoka pamoto, injini inkanjenjemera ngati munthu wa malungo, n'kutsokomola, n'kuzima.

"Yandizimira kawiri pamlatho, ngolo zitandandana kumbuyo," anadandaula a Abdulaziz. "Anthu amtengatenga akundiseka."

Tsiku lonselo tinatsuka mapulagi, tinamasula kabureta n'kuisambitsa m'petulo, timabowo take tonse n'kutiuzira ndi pampu ya njinga. Lachiwiri m'mawa tinaibwezera. A Abdulaziz anabwera kudzaona, a Mansukh nawo anatuluka m'sitolo, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi.

Tisanalize injini, a Abdulaziz anayang'ana a Nasoni n'kunena mocheza kuti, "Madala, msanatu ukupindika. Bwanji osamusiyira Lexon zowerama izi?"

A Nasoni anawagwira mawuwo pakamwa. Anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira.

"Uyu? Uyu ndi wonyamula masipanala basi. Injini amaimva ngati mmene mbuzi imamvera wailesi."

Onse anafa nacho chiseko, mpaka telala wosoka pakhonde la sitolo anaimitsa makina ake. Ine magazi anawira. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zinayi, bambo wa ana atatu, zaka ziwiri ndikubwereketsa makutu anga mwakachetechete, lero ndine mbuzi? Panopa ndikudziwa kuti anali mantha amene ankawalankhulitsa. Nthawi imeneyo sindinafune kudziwa. Ndinatenga kansanza kaja n'kukaponya pa benchi.

A Abdulaziz analiza injini. Inayamba kunjenjemera monga kale, ndipo pansi pa phokoso lakelo ndinamva kamluzu koonda, kosalekeza. Ndinadziwa pomwepo. Gasiketi ya pansi pa kabureta inali itang'ambika, injini inkayamwa mphepo pambali. Ukhoza kupotokola kasikulu mpaka dzuwa kulowa, osaphula kanthu.

A Nasoni anawerama, anaika sikuludiraiva, n'kukweza maso kuyang'ana mapewa anga. Panalibe kanthu. Anayang'ana m'manja mwanga, ine ndinali nditapinda manja pachifuwa. Anamasula pang'ono. Anamanga pang'ono. Anandiyang'ananso, thukuta litayamba pamphumi. Kenaka anamasula kwambiri, petulo n'kuchuluka, kunjenjemera kuja n'kucheperako m'dzanja lawo, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo.

"Yakhala," anatero, akuwongola msana.

"Nanga kamluzu aka?" anafunsa a Mansukh.

A Nasoni anapendeketsa mutu ngati akumvetsera. "Ndi lamba wa fani ameneyo, bwana. Amatero akazizidwa."

Lamba wa fani ali kutsogolo. Kamluzu kanali m'mbali, ndipo ngakhale a Abdulaziz, amene sadziwa kusiyana kwa pulagi ndi chitsekerero cha botolo, anali akuloza pomwepo ndi chala. A Mansukh anakodola a Abdulaziz kuti azimitse injini, kenaka anayenda pang'onopang'ono n'kukaima kumbuyo kwa a Nasoni.

Pagalaja panali zii.

"Nasoni," anaitana a Mansukh ndi mawu wamba.

A Nasoni anali akuyang'ana ine. Apa ndiye pamandipweteka kwambiri. Mpata unalipobe. Ndikanangoponya diso kumbuyo kwawo, kapena kuloza ndi chibwano, akanatembenuka n'kunena kuti amaganizira za injini. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

"Nasoni."

Anaitana katatu. Kachitatuko ngakhale telala anaweramitsa mutu. A Mansukh anawagwira paphewa, a Nasoni n'kudzidzimuka ngati agwidwa akuba.

"Kuyambira liti?" anafunsa a Mansukh, tsopano ali kutsogolo kwawo.

A Nasoni anaika sikuludiraiva pa madigadi, anapukuta manja pa ovolosi, n'kulowera kunyumba kwawo.

"Lexon, ungathe?" anandifunsa a Mansukh.

Ndinalizanso injini, ndinadonthetsa oilo kuzungulira pansi pa kabureta. Kamluzu kanaleka, injini n'kusintha mawu, kenaka oilo atayamwidwa kanayambiranso. Ndinamasula manati, ndinadula gasiketi yatsopano pa katoni yolimba ya m'sitolo, ndinamanga, n'kubweza kasikulu pamalo pake. Landirova inalira mosalala, boneti osagwedera n'komwe. Sizinanditengere ngakhale ola limodzi. A Abdulaziz anandigwira chanza n'kunena kuti mbuziyo ikuimvadi wailesi, koma palibe amene anaseka.

Mkwiyo wanga unali utatha kale ndisanamalize kumanga manati. Chimene chinatsala chinali manyazi okhaokha. Madzulo ndinapita kwa a Mansukh kukawapempha kuti awasiye a Nasoni azigwira za mabuleki ndi magiya, zosafuna makutu. Anandifunsa funso limodzi: "Iwe unkadziwa?" Ndinavomera. Anati ndiye kuti tinawapusitsa awiri, ndipo ndithokoze kuti akuchotsa mmodzi yekha.

Masabata atatu otsala a mwezi umenewo a Nasoni ankabwera kuntchito m'mawa uliwonse, n'kumatsuka zitsulo m'beseni la palafini. Sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikalankhula nawo, mawa likafika pagalaja pali anthu, ine n'kuzengereza.

Mwezi utatha, a Mansukh anapereka lole ya sitolo kuti iperekeze a Nasoni kwawo ku Nathenje, ndipo anandiuza kuti Lolemba ndisamukire m'kanyumba kaja. Ndinathandiza kukweza bedi, mpando, mabokosi awiri ndi khola la nkhunda. Mayi Bernadetta ankalandira katundu m'manja mwanga osandiyang'ana kumaso. Anthu a m'masitolo oyandikana anadzaza pamsewu kudzatsanzikana nawo, chifukwa panalibe amene galimoto yake kapena njinga yake sinadutsepo m'manja mwa a Nasoni.

A Nasoni atakwera kutsogolo, ndinaima pawindo. Ndinaweramitsa mutu, monga munthu amachitira akalakwira wamkulu, ndipo ndinanena zonse. Ndinati bambo, pepani, ndinakamva kamluzu kaja injini itangolira, ndinachita dala, ndinakutayani chifukwa cha nthabwala. Ndinalankhula chapansipansi kuti anthu asamve, nkhope ili pansi, pakamwa panga posaoneka.

Nditakweza mutu, ndinapeza a Nasoni akundiyang'ana modikira. Kenaka anachita chimene anali asanachitepo pagulu. Anaika dzanja kuseri kwa khutu, n'kusendezera mutu pawindo.

"Ukuti chiyani, mwana wanga? Kweza mawu."

Anthu onse anatembenukira kwa ine. A Mansukh anali pakhomo la sitolo, telala pambali pawo, dalaivala dzanja lili pa giya. Ndinakoka mpweya, ndinatsegula pakamwa.

"Ndikuti muyende bwino, bambo," ndinakuwa.

Anagwedeza mutu, nandisisita padzanja, lole n'kunyamuka.