Zenera la Sakina

Kadontho kofiira ka moto kankathamanga papepala, kautsi kakukatsatira m'mbuyo. Bambo Fathi anaima chapatali, manja kumbuyo, maso ali pamakina a leza, odula ndi kuwala, a mwana wawo Nermin.

"Senderani kuno, ababa, saluma," anatero Nermin.

"Ndikuona ndili pompano."

Ankaonadi. Popanda mpeni kapena dzanja, pepala linkasanduka tinyenyezi, timaluwa, timizere topyapyala ngati tsitsi.

Nyumba yawo yakale ya mumzinda wa Rashid inali itang'aluka khoma, ndipo onse anali atasamuka kupatula Bambo Fathi. Chinawagwira mwendo chinali zenera la timitengo tolukanalukana, pomwe malemu mkazi wawo Sakina ankakhala akusankha mphodza, akuona za mumsewu iye osaoneka. Kulizula sikukanatheka. Chiswe chinali chitalidya, ukaligwira linkanyenyeka. Ndiye Nermin analijambula kuti alidule pamapepala.

Makina atazima, Nermin anasanjikiza mapepala aja m'felemu, la mabowo aakulu pamwamba, la mabowo aang'ono pansi pake, mpaka pepala lakuda losaboola kumbuyo kwenikweni.

"Nali zenera lanu. Tsopano musamuka, kapena mukudikira denga likuvekeni chipewa?"

Bambo Fathi analiyang'ana nthawi yaitali. Linali lakuya ngati chitsime.

"N'lokongola. Koma si la amako."

"Ababa! Palibe kamtengo komwe ndasiya!"

"Unajambula uli pati?"

"Mumsewu. Nanga ndikanalowa m'chigumula chanucho?"

"Eya. Ili ndi zenera la anthu odutsa. Iwo amaona mdima kuseri kwake. Amako sankakhala mumdima."

Anatsegula felemu ndi chikhadabo, nasolola pepala lakuda lija n'kuliika pambali. Kenaka anatulutsa machesi m'thumba la mkanjo wawo, n'kumalowetsa timitengo m'makona, pakati pa pepala ndi pepala, kuti asakhudzane.

"Mundidetsera ntchito ndi zala za fodyazo," anadandaula Nermin.

Bambo Fathi anapita pakhomo pomwe dzuwa lam'mawa linkalowera, nakweza felemu ija m'mwamba.

Kuwala kunagwera pansi mbee, kodukaduka. Tinyenyezi tinadzaza simenti yonse, tina towala kwambiri, tina tofooka ngati tikuchokera kutali. Tinakwera pamakina, pakhoma, mpaka pankhope ya Nermin. Bambowo atapendeketsa felemuyo pang'ono, chipinda chonse chinagwedezeka ngati madzi a mumtsinje.

Nermin anagwira pakamwa. Anakumbukira madontho omwewo ali pamiyendo ya mayi ake, pambale ya mphodza, pamanja ake iye ali kamwana.

"Amayi," ananong'ona.

Bambo Fathi sanatsitse manja mpaka mapewa anawawa.

"Kwanuko chilipo chipinda choyang'ana kum'mawa?"

"Chilipo, ababa."

Anapanira felemu kukhwapa, napisa dzanja m'thumba. Kiyi wa nyumba yakale anamusiya pamwamba pa pepala lakuda lija.