Mapilitsi Asanu ndi Anayi

"Kapena zikufuna zigundane," anatero bambo, akukankhira foni yawo pafupi ndi laputopu mpaka inagunda pakona.

"Sizikufuna kugundana, bambo. Zimalankhulana kudzera mumphepo."

"Nanga bwanji sizikulankhulana? Zinayambana?"

Sindinaseke. Linali Loweruka masana, m'kashopu kawo kosokeramo zovala, ndipo ndinali nditatha ola lathunthu ndikulimbana ndi zinthu ziwirizi patebulo lodulirapo nsalu, pakati pa sizasi, choko ndi mulu wa mayunifomu a sukulu. Pa sikirini ya laputopu yanga yakale, imene ndinawapatsa kuti ikhale yawo, kagudumu kankangozungulira kufunafuna foni imene inali pamphuno pake penipeni. Bambo ankanditcha Injiniya, chifukwa kuofesi kwathu makina osindikiza akatafuna mapepala amaitana ine. Dzinalo ndinkalikonda kuposa mmene ndinkaonetsera, ndipo tsiku limenelo sindinafune kuti lindichoke.

Foni ya bambo inali itadzaza. Makasitomala akatumiza zithunzi za masitayilo a madiresi, inkakana, kudandaula kuti malo atha. Galasi lake linali ndi mng'alu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma bambo sankalola kumva za foni ina, chifukwa mkati mwa imeneyi munali amayi.

Amayi anamwalira chaka chimodzi ndi miyezi iwiri izi zisanachitike. Ankagwira ntchito kochapira zovala, ankalawira m'mamawa bambo asanadzuke, ndipo ankati zala zawo n'zochapira, si zotayipira. Choncho ikakwana nthawi yawo ya tiyi ankatumizira amuna awo uthenga wa mawu. Ine ankangondiimbira, mauthengawo anali a bambo okha. Anasonkhana oposa mazana awiri: za anyezi, za kiyi, za kasitomala amene ankati ali ndi m'chiuno mwa mtsikana pomwe tepi ikunena zina. Koma unalipo umodzi umene bambo ankautsegula tsiku lililonse eyiti koloko, asanaponde makina.

"A Singano, mankhwala aja mwamwa? Musandinamize, ndikabwera ndiwerenga mapilitsi."

Ankawatcha a Singano chifukwa cha ntchito ndiponso kuwonda. Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka makina ochapira akulira ndi mayi wina akuseka. Bambo akamva, ankayankha kuti "Ndikumwa, mayi," n'kumeza pilitsi lawo la kuthamanga kwa magazi.

Maganizo anga anali abwino, ndipo ndimanenabe zimenezi ngakhale sizinditonthoza. Ndinkafuna kuti foni ndi laputopu zizipatsana zinthu zokha popanda chingwe, kuti foniyo ikadzafa, amayi asadzafe nayo.

Vuto loyamba ndinalipeza mochedwa, moti ndinachita manyazi. Laputopu inali pa wayifayi ya amayi a saluni yoyandikana ndi shopu, amene ankatibwereka pasiwedi, pomwe foni inali pa data yake. Zinali m'chipinda chimodzi koma m'misewu iwiri. Nditaika zonse pa wayifayi imodzi, zinaonana. Ndinajambula kabokosi ka timadontho pa sikirini ndi kamera ya foni, n'kuvomera mbali zonse ziwiri. Zitangoyamba, foni inazimitsa galasi lake n'kuimitsa pulogalamuyo, ati kusunga batire. Ndinafufuza m'makonzedwe mpaka ndinailetsa khalidwe limenelo. Apa n'kuti thukuta litanyowetsa bulauzi, mtima utayamba kupupuluma.

Ndiye panabwera mafunso awiri. Loyamba linafunsa ngati zinthu ziziyenda mbali imodzi kapena mbali zonse ziwiri. Ndinasankha ziwiri, poti ziwiri zimaposa chimodzi. Lachiwiri linali ndi mizere yambiri, zokhudza kusunga pambali zinthu zofufutidwa.

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa bambo, atatsitsa magalasi pamphuno.

"Zachabechabe, bambo. Zongodya malo."

Ndinadina kukana osawerenga mpaka kumapeto.

Kagudumu kaja kanazungulira mphindi makumi awiri, kenako panatulukira kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti zonse zafanana. Ndinatsegula uthenga uja pa laputopu, n'kukweza mawu. Amayi anadzaza m'shopu monse kuposa mmene kafoni kaja kankawatulutsira. Bambo anavula magalasi, n'kumawapukuta ndi kansalu kwa nthawi yaitali.

"Tsopano ali kuwiri," ndinatero monyadira. "Bweretsani foniyo ndipeze malo."

"Zithunzizo chotsa, koma amayi akowo usawakhudze."

"Ali mu kompyuta, bambo, mwawamva nokha. Muziwatsegulira pamenepa, akumveka bwino."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana laputopu. "Iwe ndiye Injiniya," anatero, n'kundipatsa.

Ndinasankha foda yonse ya mauthenga a amayi n'kufufuta. Foni inafunsa ngati ndikutsimikiza, ndipo ndinatsimikiza. Kenako ndinatuluka kukathokoza amayi a saluni, tinacheza pang'ono za tsitsi langa limene ankati ndalitaya ngati munda wa mlesi. Pobwerera ndinapeza bambo akuyeza kasitomala m'mapewa. Ndinasuzumira pa laputopu. Kachizindikiro kobiriwira kanali pomwepo, kakuwala bwinobwino. Foda ya amayi inali pululu.

Ndinatseka n'kutsegulanso. Ndinayang'ana m'bini ya laputopu, ndinayang'ana m'bini ya foni. Ndinakhala pamulu wa mayunifomu osadziwa.

"Zatheka?" anafunsa bambo, tepi ili m'khosi.

Pamenepo m'pamene ndikanayenera kunena. Kasitomala anali pomwepo akundiyang'ana, bambo anali akumwetulira, ndipo pakamwa panga panatuluka zina.

"Zikumalizitsa. Pakali pano amayi ali m'njira, sakuoneka uku kapena uku. Mawa akhala atafika."

Lolemba ndinatenga zonse ziwiri nthawi ya nkhomaliro, ndikunamiza bambo kuti ndikukaziwonjezera liwiro. Ndinapita kwa wokonza mafoni wina wa m'kanjira ka kuseri kwa ofesi yathu, bambo wa ndevu zaimvi amene amagwira ntchito ndi galasi lokulitsa zinthu pachipumi. Anamvetsera nkhani yonse osandidula, kenako anatsegula makonzedwe aja n'kuloza ndi kasikuludiraiva.

"Asisi, inu mumaganiza kuti mwamanga nkhokwe. Ichi n'kalilole. Mukameta ndevu kuno, wa m'kaliloleyo nayenso ameta."

"Koma ndinawamva pa laputopu ndi makutu angawa."

"Analipo, inde. Mutafufuta m'foni, foni inauza mnzake kuti izi sitikuzifunanso. Mnzakeyo anamvera. Mukanasankha mbali imodzi, kapena mukanavomera apa," analoza funso lija la mizere yambiri, "bwenzi tikungowatola pambali."

Anayesa kwa maola awiri. Pa laputopu anati mtundu wa disiki yake umasesa wokha zofufutidwa. Pa foni anapeza zidutswa za zithunzi basi. Malo amene ndinapeza aja anali atadzaza kale ndi madiresi a ukwati amene makasitomala anatumiza Lamlungu.

"Nanga foni ya malemuwo ili kuti? Mwina mwatsala zotumiza."

"Tinapatsa azakhali." Kenako ndinawonjezera: "Ndinaifufuta ndine ndisanawapatse."

Anakweza galasi lija pachipumi n'kundiyang'ana. Ndikanakonda akanandilalatira.

Ndinabweza zinthuzo kushopu madzulo ake, mawu ndili nawo okonzeka pakamwa. Koma bambo anandilandira ndi chinthu chimene anasoka: chivundikiro cha laputopu cha nsalu yobiriwira yotsala ku mayunifomu, chokhala ndi kathumba pambali kolowamo foni.

"Kuti zizigona limodzi," anatero. "Mwina afika msanga."

Ndinayamikira kasokedwe kake. Ndinati atsala pang'ono.

Umu ndi mmene sabata inathera. M'mawa uliwonse ankapita kusaluni kukabwereka foni yondiimbira, chifukwa yawo sankafuna kuichotsa m'kathumba, kuopa kusokoneza ulendo.

"Injiniya, afika pati?"

"Atsala pang'ono, bambo. Netiweki ikuvuta."

Anayamba kusiya chitseko cha shopu chotsegula, atachitchinga ndi njerwa, kuti mphepo ya kusaluni izilowa bwino. Anapempha amayi a saluni kuti poweruka asamazimitse kabokosi kawo ka wayifayi. Ine kuofesi ndinkalakwitsa ntchito zimene ndimazichita ndi maso otseka, ndipo mnzanga wina atandiitana kuti Injiniya, ndinamukalipira mpaka anadabwa. Ndinkadzida. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa, ndipo mawa likafika bodza linali litakula kuposa dzulo, kulinyamula kunali kovuta, kulitula kovuta koposa.

Lolemba lotsatira, cha m'ma leveni, amayi a saluni anandiimbira okha.

"Bwera, mwanawe. Bambo ako achita chizungulire, tawapeza atakhala pansi pafupi ndi makina. Akulankhula, usaope, koma bwera. Amuna anga akubwera ndi galimoto tipite nawo kuchipatala."

Ndinawapeza atakhala pabenchi ya makasitomala, nsalu yonyowa ili pamutu, maso ofiira. Pa makina panali siketi ya yunifomu, msoko wake utakhota ngati njira ya woledzera. Bambo anga sanakhotetsepo msoko chibadwire changa. Amayi a saluni anatuluka kukadikira galimoto pamsewu, tinatsala awiri.

"Mutu wakhala ukundiwawa masiku angapo," anatero. "Si kanthu. Taona kaye ngati afika."

Ndinagwada pansi, pa tizidutswa ta nsalu ndi ulusi.

"Bambo, sakubwera."

Anachotsa nsalu ija pamutu.

"Ndinawafufuta tsiku lomwe lija. Nditachotsa m'foni, anachokanso mu kompyuta. Sindinawerenge zimene inandifunsa. Munandiuza kuti ndisawakhudze, ine ndinawakhudza. Wokonza mafoni wayesa, walephera. Masiku onsewa ndakhala ndikukunamizani."

"Onse?"

"Onse, bambo."

"Ngakhale uja wa anyezi?"

Anatembenuka n'kuyang'ana laputopu m'chivundikiro chake chobiriwira, foni itasuzumira m'kathumba, kenako anayang'ana njerwa ija pachitseko. Kusaluni chowumitsira tsitsi chinkalira. Ndinadikira kuti akalipe, anditukwane, andithamangitse. Iwo anangopinda nsalu yonyowayo kanayi, bwinobwino, ngati ya kasitomala.

"Kufufutako ndi ngozi," anatero pomaliza. "Ngakhale ine ndinadulapo suti ya mkwati molakwika. Koma ndinamuuza tsiku lomwelo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mbama. Ndikupukuta misozi, maso anga anagwera pa shelefu ya ulusi, pamene pamakhala kabotolo ka mankhwala awo.

"Bambo, mankhwala aja mukumwa?"

Anayang'ana kumbali.

Botololo ndimakawatengera ndine kuchipatala, mapilitsi makumi atatu tsiku loyamba la mwezi. Ndinalitsegula n'kukhuthulira pa siketi ija, ndikuwerenga awiriawiri ndi chikhadabo. Tsikulo linali la khumi ndi chisanu ndi chinayi la mweziwo. Anayenera kutsala khumi ndi limodzi. Ndinapeza makumi awiri. Ndinawerenganso, anali makumi awiri omwewo.

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Sindinaiwale, usaganize kuti ndakalamba." Anakanda pachibwano. "Tsiku loyamba ndinati ndidikire andiuze okha, poti unati mawa. Mawa lake unatinso mawa. Ndinaona kuti ndikayamba kumwa popanda iwo, akafika apeza kuti ndazolowera."

Ndinapatula asanu ndi anayi, n'kuwakankhira pambali. Limodzi linagubuduzika, ndinaligwira lisanagwe pansi. Panja galimoto inaliza hutala.

"Amayi ako nawonso ankawerenga awiriawiri choncho," anatero bambo.

Anatambasula dzanja. Ndinatola limodzi pa asanu ndi anayi aja, la tsiku limenelo, n'kuliika pachikhatho chawo, pamodzi ndi kapu ya madzi. Analiyang'ana kanthawi, ngati akudikira kuti wina alankhule. Palibe analankhula. Anameza, n'kuimirira atagwira phewa langa.

Tisanatuluke anawerama pang'onopang'ono, n'kuchotsa njerwa ija pachitseko. Ine ndinacheuka kuti nditenge kiyi patebulo. Mapilitsi asanu ndi atatu anali pomwepo pansalu yobiriwira, pafupi ndi msoko wokhota uja, ndipo pa kalendala yonse ya pakhoma panalibe tsiku loti ndiwabwezerepo.