Nsonga ya Mpunga wa Mayi Sumirah

Laras anali atatha miyezi itatu akuphunzira ntchito pa kampani yokonza misonkhano ya Mayi Hartini ku Semarang, ndipo tsiku la msonkhano wa azamba ndilo linali lomaliza kuyesedwa. Madzulo ake amayenera kumva ngati walembedwa ntchito, kapena azibwerera kwawo ku Ambarawa kukagulitsa sopo mugolosale ya amalume ake. Kugolosaleko sankakufuna ngakhale kutulo.

Pa miyezi itatuyo anaphunzira kusanja mayina pamipando potsata ukulu wa anthu, ndi kumwetulira mlendo amene akukukalipira chifukwa cha mpando womwewo. Koma iye ankaona ngati abwana sakumuona. Mtima wofuna kuoneka wochenjera ndi umene unamupweteka mwana wa eni ake.

M'mawa wa tsikulo dalaivala wa kampani anali kubwalo la ndege, kudikira alendo ochedwa.

"Laras, pita kwa Mayi Sumirah ukatenge tumpeng," anatero Mayi Hartini. "Ubwere nayo pagalimoto ya hayala. Wamva? Ndati galimoto."

Msonkhano waulemu wake sutsegulidwa popanda tumpeng, mpunga wachikasu woumbidwa ngati phiri pakati pa lichero, nkhuku ndi mazira zitazungulira m'mbali. Wapampando amadula nsonga yake n'kupatsa munthu wolemekezeka kuposa onse. Zinazo anthu amangodya, koma nkhani yonse ili pansongapo, ndipo Laras ankadziwa zimenezi kuyambira ali mwana.

Anapita pa kabaza wa njinga yamoto. Madzi anali atasefukira mumsewu waukulu, magalimoto ali ndondondo osayenda. Laras anauza wakabaza uja kuti amudikire kumsewu, iye n'kulowa m'kanjira kopita kwa Mayi Sumirah, amene anakhala akuphikira kampaniyo zaka khumi ndi chimodzi. Anapeza mpunga utaima bwinobwino, kansonga atakaveka chisoti cha tsamba la nthochi, zonse zitakutidwa ndi pulasitiki.

"Galimoto ili kuti, mwanawe?" anafunsa mayiwo.

"Ili kumsewu, amayi. Singalowe m'kanjira kano."

"Chabwino. Uuyangate ngati khanda."

Akuti kuthamanga sikufika. Wakabaza anazemba magalimoto onse mwaluso ndithu, koma atatsala pang'ono kufika pahotela ya msonkhanowo anakwera hampu osaiona. Lichero linadumpha pamiyendo ya Laras, pulasitiki inang'ambika, nsonga ija n'kugwera m'matope. Chinatsala ndi chisoti cha tsamba, chitakodwa m'pulasitikimo.

"Asisi, phiri lanu lameta mpala!" anatero wakabaza, akuseka.

Laras sanaseke. Akanatha kuimbira Mayi Hartini pomwepo, nthawi inalipo. Koma akanayamba ndi mawu oti chiyani? Oti anakwera kabaza? Analowera khomo lakumbuyo, nadzitsekera m'kachipinda kosungiramo mipando. M'chikwama mwake munali mpunga woyera wokulunga m'pepala, umene anagula m'mawa kuti adye masana. Anautapa ndi manja, nauumba pamwamba pa phirilo, n'kuuveka chisoti chija. Kunja kwake sunkaoneka vuto. Anadzinamiza kuti gogo amene adzalandire mbaleyo adzangoiika pambali osavula tsamba.

"Wafika kale?" anadabwa Mayi Hartini atamuona. "Mwana iwe mutu ulipo."

Mawu amene anawadikira miyezi itatu anabwera pa nthawi yoti sangawakondwerere.

M'holo munali azamba mazana anayi, onse atavala zofanana. Mbali zonse ziwiri za nsanja kunali makanema akuluakulu, ndipo amene anauza wojambula dzulo lake kuti pa nthawi yodula ayandikize kamera pambale anali Laras yemweyo. Wapampando anadula nsonga, naiika m'mbale, n'kuipereka ndi manja awiri kwa Mayi Suparmi, mzamba wa zaka makumi asanu ndi atatu amene anayambitsa bungwelo. Kenako, pofuna kuwalemekeza kwambiri, anawavulira yekha tsamba lija.

Pakanema panaoneka chibuma cha mpunga woyera, chokhala ndi dontho la tsabola ndi zidindo za zala.

Mayi Suparmi anayang'ana m'mbalemo kanthawi, natapa supuni imodzi, n'kudya akumwetulira. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, mwambo n'kupitirira. Panalibe amene anaseka kapena kufunsa. Laras analakalaka wina atangotukwana, chifukwa ulemu umenewo unamuwawa kuposa mbama. Anaima kuseri kwa nsalu ya nsanja, thukuta lili kamukamu.

Pa nthawi ya tiyi Mayi Hartini anamukodola kuti atuluke naye pakhonde. Anamupatsa foni kuti awagwirire, poti manja awo anali ndi mapepala, ndipo anaikweza mawu. Mayi amenewa sakalipa. Akakwiya ndi pamene amayankhula motsitsa.

"Mayi Sumirah, mwaswera bwanji? Kodi chikasu chinakutherani?"

"Chikasu? Ayi, mayi. Kwagwanji?"

"Nsonga inali ya mpunga woyera, wogwiragwira ndi manja. Anthu mazana anayi aona. Laras ali pompano, ndi amene wanyamula, akumva."

Pafoni panadutsa kanthawi popanda mawu. Kumbuyo kwake kunkamveka tambala ndi phokoso la mapoto. Laras ankadziwa kuti kanthawi kameneko n'kake. Anatsegula pakamwa, koma m'maganizo anaona golosale ya amalume ake, sikelo ndi ntchentche zake, n'kutsekanso pakamwapo. Anayang'ana nsapato zake.

"Pepani, mayi," anatero Mayi Sumirah pomaliza. "Ukalamba uwu. Mundikhululukire."

"Palibe kanthu. Koma za ukwati wa Loweruka musavutike nazo. Mupumuleko."

Onse atatu anamva tanthauzo lake. Kupumula kumeneko kunalibe tsiku lobwerera.

Msonkhano utatha, cha m'ma folo koloko, Mayi Hartini anapatsa Laras malaya a kampani ali m'pepala lake.

"Uyamba Lolemba. Wagwira bwino, ndipo sunanjenjemere zinthu zitavuta. Pobwerera uwasiyire mayi aja lichero lawo. Ine sindikufuna kuonana nawo."

Laras anathokoza. Inde, anathokoza ndithu, mpaka kuwerama.

Anafika kwa Mayi Sumirah dzuwa lisanalowe. Pakhonde panali mulu wa kokonati ndi thumba la mpunga, zogulira ukwati wa Loweruka. Mayiwo ankauza anansi awo awiri amene amawathandiza kuphika kuti asabwere sabata ino. Mmodzi mwa iwo anamuyang'ana Laras kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natsonya, onse awiri n'kuchoka.

Laras anaika lichero pansi. Malaya aja anali atawabisa m'chikwama, koma pepala lake linkatulukira.

"Akulemba ntchito?" anafunsa Mayi Sumirah.

"Eya, amayi."

"Zakhala bwino. Khala pansi, ndikuthirire tiyi."

"Ayi, amayi, ine..." Misozi inayamba kutsika. "Nsonga ija inagwa ndili pa kabaza. Yoyerayo ndinaumba ndine."

"Ndikudziwa, mwanawe. Zaka makumi atatu ndikuumba mpunga, ndingaiwale zimene ndapereka m'mawa?"

"Nanga bwanji simunanene?"

Mayi Sumirah anatola lichero lawo, naliyang'ana uku ndi uku ngati lathyoka, n'kulipukuta ndi nsalu imene inali paphewa.

"Ndinene chiyani, mwini wake uli pomwepo? Ndinakudikira. Nditamva kuti uli chete, ndinati basi, munthu wamkulu wachititsidwa manyazi pagulu, wina apepese."

Laras anagwada pasimenti.

"Ndikawauza mawa, amayi. M'mawa weniweni ndikawauza."

"Mawa," anatero mayiwo, osakweza mawu. Analowa m'nyumba ndi lichero lawo, kenako anasuzumira pakhomo. "Foni uli nayo m'manjamo, mwanawe. Kapena yatha moto?"

Inali isanathe moto. Laras anakhala chogwada pamenepo, dzina la Mayi Hartini likuwala pafoni, mpaka tiyi amene mayiwo anabwera kudzamuikira pambali anazizira.