Makombola a Bambo a Hiromu

Amuna anga a Shigeharu ndi munthu woti akaganiza kanthu amaona ngati dziko lonse lili m'tulo, adzuka ndi iwo okha. Ndakhala nawo zaka zambiri, sindikuwanamizira ayi.

Chaka chimenecho atodo anafika msanga, chipale chofewa chisanakute n'komwe madenga. Akatumbu a m'nyanja amenewa, onenepa ngati ng'ombe, manyazi alibe. Amang'amba ukonde, kudya mimba zokha za nsomba, mitu n'kukusiyirani. Ife tinali titatsala ndi ukonde umodzi wabwino, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo, Hiromu, ananeneratu mawu ake tikudya m'mawa.

"Ababa, uwu ukangong'ambika, ine basi. Ndikupita ku Sapporo. Sindingakalambe ndikusoka zibowo za atodo."

Ndinasiya kudya. M'mudzi mwathu muno mwana akakwera basi ya kumzinda waukulu wa Sapporo amabweranso pa maliro pokha.

"Ung'ambika bwanji ine ndilipo?" anatero bambo akewo, akupukuta msuzi wa soya uja timati miso kundevu. "Anthu a pano amangodziwa kulira. Ine ndili ndi mutu."

Mutu wawowo unabala katoni ya makombola. Asodzi ena amaombako mwa apo ndi apo, akaona chinyama chayandikira boti. Koma a Shigeharu ndi munthu wa dongosolo, woti nsapato pakhomo zikapotoka pang'ono tsiku lawo laonongeka. Anati aziomba m'mawa uliwonse, pamalo omwewo, akangozimitsa injini kuti ayambe kukoka ukonde. Phaa! Phaa! Kenako kukoka.

Masiku oyambirira zinayenda, sindikana. Atodo ankathawa, boti linkabwera litalemedwa ndi nsomba. Ndiye mukanaona kayendedwe kawo padoko, chifuwa patsogolo, chipewa chopendekera.

"Mayi a Hiromu, mwaona? Muziwauza anzanu aja kuti munakwatiwa ndi ndani."

"Ndiwauza kuti ndinakwatiwa ndi munthu wonunkha utsi," ndinawayankha.

Koma todo si chitsiru. Chitsiru ndinali nacho m'nyumba. Zinyama zija zinaona kuti phokosolo silipha, ndiponso kuti likangomveka nsomba zimakwera zokha pamwamba, zokodwa kale, zongofuna kumeza. Hiromu anaona msanga.

"Ababa, tisiye izi. Zikumabwera zikamva."

"Zikubwera chifukwa makombola akuchepa, iwe. Mawa tiomba ambiri."

Ha! Anaombadi ambiri. Mpaka atodo a kuseri kwa phiri, amene sankatidziwa n'komwe, anamva kuitanako.

Tsiku lina chakumadzulo kunabwera a Kumagai, aneba athu otsala ndi mano awiri okha, atanyamula botolo la mowa wa sake lokulunga bwinobwino m'nsalu. Anavula nsapato, kugwada, n'kuwerama mpaka chipumi kugunda pansi.

"A Shigeharu, anzanu onse a padoko andituma kudzathokoza. Chiyambireni inu kuitanira alendo aja ku ukonde wanu, maukonde athu sanaduke ngakhale kaulusi. Chonde, achimwene, musatope."

Ndinaona makutu a amuna anga akufiira. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Iwo anati akasiya ndiye kuti avomera kuti a Kumagai anena zoona, ndipo zimenezo bola kufa. Ndinawachonderera, ine amene sindichonderera munthu.

"Bambo a Hiromu, ukonde umenewo ukapita, mwana wapita. Tulani pansi matamawo."

Anati za panyanja ndiwasiyire amuna, ine ndiziona za kukhitchini.

M'mawa mwake ndinaima padoko ndi amayi anzanga, mphepo ikucheka kumaso. Tinamva phaa! phaa! chapatali, ndipo wina kumbuyo kwanga anaseka n'kudzigwira pakamwa. Boti linabwera mochedwa, lopepuka, likungovina pamafunde. Hiromu anatsika n'kuponya ukonde pamapazi anga. Ukonde wake uti? Zinali nsanza zokhazokha, mitu ya nsomba ili lendelende.

"Zimatidikira, amayi," anatero. "Injini isanazime n'komwe zinali zitazungulira kale boti, kukamwa kuli yasa, ngati ana a sukulu belu la chakudya likalira."

Sanakalipe. Bola akanakalipa, mwina bambo ake akanapeza poyambira. Anangolowa m'nyumba n'kulongedza chikwama. Ine ndinamumangira mibulu ya mpunga ndi nsomba zouma, ndikulira poyera, osabisa. Mtima unandiwawa, ndipo ukundiwawabe.

Basi imaima pamtunda, moyang'anizana ndi doko. A Shigeharu sanabwere kudzaperekeza, ati anali ndi zokonza m'boti. Zokonza zanji, ukonde palibe? Basi italiza injini ndinawaona ataimirira m'botimo, maso ali kumtunda. Pakamwa pankatseguka, koma dzina la mwana osatuluka. Munthu ameneyu chibadwire sanaitanepo mnzake kuti apepese, sadziwa n'komwe kuti amayamba bwanji. Ndiye anapisa dzanja m'katoni muja, n'kuyatsa makombola otsalawo.

Phaa! Phaa!

Hiromu anakhala pawindo, ndinkamuona bwinobwino. Sanacheuke. Koma m'madzi a padoko munayamba kutumphuka mitu yakuda yonyezimira, wina apa, wina apo, ndevu zikudontha madzi, yonse kuyang'ana amuna anga. Anawayankha ndi atodo okhawo.